Mayi Pensulo ndi Pepala la Mashifiti

Mukafunsa azimayi ogulitsa zipatso pa geti kuti mwini chipatala chathu ndi ndani, akuuzani osaphethira kuti ndi mayi aja amakolopa m'khonde. Amati a Dokotala ndi chikwangwani chabe, munthu wongovala jasi loyera, koma mabedi, makina ndi nyumba yatsopano ya kuseri ija, zonse n'za mayiwo. Ena amathirako mchere, ati amakolopa dala kuti azimva zomwe antchito awo akunena. Nkhaniyi ndinaimvaponso m'minibasi, kwa bambo wina amene analumbira kuti mlamu wake anaona mapepala ake ndi maso.

Ndi bodza. Ine ndayendetsa ambulansi ya pano zaka khumi ndi zitatu, ndipo mayiwa ndawaonapo akuthawa mvula nsapato zili m'manja. Alibe ngakhale njerwa imodzi pamalo pano. Koma bodzali lili ndi pomwe linayambira, ndipo tsiku limenelo chiwongolero chinali m'manja mwanga.

Timawatchula Mayi Pensulo chifukwa cha kapensulo kamene amakatsomeka m'duku, pamwamba pa khutu. Anafika chipatala chikadali zipinda ziwiri ndi benchi limodzi. Ankabwera ndi amuna awo odwala, ndipo bambowo atamwalira anabwereranso kudzathokoza a Dokotala. Anapeza pansi pali matope, tsache lili pakona, n'kuyamba kusesa. Mawa lake anabweranso. A Dokotala ankaganiza kuti nesi ndiye wawalemba ntchito, nesiyo ankaganiza kuti ndi a Dokotala. Panadutsa milungu ingapo asanazindikire kuti palibe anawalemba. Pofika pamenepo kuwathamangitsa kunali kochititsa manyazi, choncho anangowapatsa yunifolomu. Sukulu analekezera sitandade faifi, kalasi imodzi kumbuyo kwanga, n'chifukwa chake ndimawauza kuti akamandiona azigwada. Amandiyankha ndi mopu.

Pa pepala ntchito yawo inali kukolopa. Koma mopu imalowa paliponse, ndipo anthu saopa kulankhula pamaso pa munthu wowerama. Lolemba lililonse a Metironi, mkulu wa manesi, ankalemba pepala la mashifiti n'kulimata pachitseko cha chipinda chomwera tiyi. Ankalemba mwachilungamo, mongotsata mayina. Kungoti pepala silidziwa kuti nesi uyu ali ndi mwana woyamwa, uja amapemphera Loweruka, ndipo awiri awa sanalankhulane chichokereni ku ukwati wa mnzawo. Mayi Pensulo ankadziwa. Ankakolopa mpaka pamapazi a nesi wina n'kumufunsa chapansipansi ngati angamugwirire mnzake Lachinayi, kuti mnzakeyo adzamubwezere Lamlungu. Akavomera, ankakolopa kupita kwa winayo. Zikatheka, kapensulo kankatuluka m'duku, n'kulemba kamuvi kakang'ono pa pepala lija. A Metironi ankaona mivi yonseyo n'kumangoyang'ana kumbali.

Zipatala zina zolipira za m'tauni muno, manesi amalowa ndi kutuluka ngati pokwerera basi. Kwathu ankakhazikika. Ndipo odwala amatsata nkhope. Mayi akaberekera m'manja mwa mzamba wina, mwana wachiwiri amafunanso manja omwewo, n'kukokanso ang'ono ake ndi anzake a kumpingo. Zipinda ziwiri zija zinasanduka wodi ya amayi, wodi ya ana, labu, mpaka anayamba kumanga nyumba ya kuseri ija. A Dokotala ankati zonsezi n'chifukwa cha makina ojambulira amene anagula. Ife tinkagwedeza mitu. Makinawo analidi okongola.

Antchito titakwana makumi asanu, mivi inachuluka. Lachiwiri lina m'mawa mivi iwiri inadutsana pa pepala. Nesi wina anawerenga kuti wamasulidwa, mnzakenso anawerenga chimodzimodzi, ndipo wodi ya ana inakhala maola awiri yopanda nesi. Palibe mwana amene zinamuvuta, koma bambo wina anakuwa mpaka a Dokotala anatuluka ndi chopimira m'khosi. Mayi Pensulo sanakane. Anati dzanja ndi lawo, cholakwa ndi chawo, ndipo tsiku lonselo sanadye.

Apo m'pamene a Dokotala analemba ntchito munthu woyang'anira antchito. Anabwera bambo wa tayi, waulemu wake, wa imvi pang'ono m'mbali, amene sankayenda popanda fayilo m'khwapa. Dzina linali losavuta kupeza: a Fayilo. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Ankapereka moni ngakhale kwa alonda, ndipo anati chipatala chikakula sichingayende ndi zonong'onezana. Pamenepo ankanena zoona.

Anayamba ndi kutigawira fomu. Aliyense alembe ntchito yake imodzi ndi bwana wake mmodzi. Ine ndinalemba kuti dalaivala. Anandifunsa kuti nanga jenereta amakonza ndani. Ndinati ine. Anati zimenezo sizinalembedwe. Ndinafunsa ngati ndisiye kukonza, anati ayi, ndisasiye, koma ndidziwe kuti sizinalembedwe. Mpaka lero sindidziwa ngati ndimakonza jenereta kapena ayi. Mlonda analemba mabwana atatu, wachinayi mkazi wake. Mayi Pensulo anasunga fomu masiku atatu, n'kuibweza atalemba kuti ntchito ndi kukolopa, bwana ndi aliyense.

Kenaka pepala la mashifiti linayamba kutuluka m'kompyuta, n'kuikidwa m'kabokosi ka galasi kokhala ndi loko. Wofuna kusinthana ndi mnzake alembe fomu masiku atatu zisanachitike, asaine a Metironi ndi a Fayilo. Nesi wina anafunsa ngati mwana wake azimudziwitsa masiku atatu asanayambe kutentha thupi. A Fayilo analemba funsolo m'fayilo n'kulonjeza kuti aliganizira.

Mayi Pensulo anaima pagalasi paja kanthawi, pensulo ili m'manja. Kenaka anaibwezera m'duku n'kupitiriza ntchito yawo ija pakamwa pokha. Manesi ankasinthana ngati kale, pepala lili chete m'galasi. Tsono a Fayilo ankazungulira m'mawodi ndi ndandanda wawo. Pepala likuti lero pali nesi wakuti, iwo akupeza nkhope ina. Poti anali achilendo, ankaganiza kuti ndiwo asokoneza mayina. Ankapepesa, n'kulemba pambali kuti wakuti ndi wamtali wa magalasi. Mawa lake wakutiyo ali wamfupi wonenepa. Nesi mmodzi anamuitana ndi mayina atatu mlungu umodzi, iye akuvomera onse. Munthu wamkulu anafika pondifunsa ine ngati pachipatala pano pali mapasa.

Atatulukira chomwe chikuchitika, anaitanitsa bwalo mu ofesi. Ine ndinalipo chifukwa lamulo lawo lomwelo limati woimbidwa mlandu abwere ndi mnzake, ndipo manesi onse anapezeka kuti ali otanganidwa.

"Mayi, ntchito yanu ndi chiyani?" anafunsa a Fayilo.

"Kukolopa, bwana."

"Nanga manesi mumawasintha ndi udindo wanji?"

"Sindiwasintha. Ndimangowafunsa."

"Anakutumani ndani?"

"Palibe."

"Ndiye mumachitiranji?"

Mayiwo anayang'ana a Metironi. A Metironi anali kuwerenga malata a denga.

"Ndikapanda kuwafunsa amakalira kuchimbudzi, bwana. Ndipo wokolopa kumeneko ndine."

A Fayilo anatsegula fayilo, kuitseka, kuitsegulanso. Anati lamulo ndi lamulo, ndipo wodi ya ana ija isaiwalike. Anawaimitsa ntchito mwezi umodzi, ndipo pakutha pa mweziwo adzagamula ngati abwerere kapena ayi. Mayi Pensulo anavula yunifolomu, anaipinda bwino, n'kufunsa kuti aisiye kwa ndani. Palibe ankadziwa, choncho anapita nayo. Ndinawaperekeza mpaka pa geti ndikuyesa kuwaseketsa, koma nthabwala zinandithera. Munthu wa msinkhu umenewo, wopanda satifiketi, ali ndi adzukulu awiri pakhomo, geti limeneli likamutsekera palibe lina lomudikira.

Mlungu woyamba zonse zinayenda ndendende ngati pepala. A Fayilo anaphunzira mayina onse, nkhope zinasiya kusintha. Mlungu wachiwiri manesi awiri osalankhulana aja anaikidwa wodi imodzi masiku asanu otsatizana, n'kumatumizirana mauthenga kudzera mwa odwala. Wopemphera Loweruka uja anabweretsa kalata yosiya ntchito. Wa mwana woyamwa anatsatira. Kenaka mzamba wamkulu, amene theka la ana a m'dera lino anabadwira m'manja mwake, anawoloka msewu n'kukalowa chipatala china. Amayi oyembekezera anawoloka naye. Benchi la sikelo linayamba kukhala ndi malo ogona.

Aliyense wochoka a Fayilo ankamufunsa chifukwa, ndipo aliyense ankati palibe, wangotopa. Iwo anaitanitsa msonkhano wolimbikitsa antchito, anatigawira masikipa, n'kukhazikitsa mphoto ya wantchito wopambana pa mwezi. Chithunzi chitabwera kuchokera kojambulitsa, chinali cha mzamba uja, amene panthawiyo anali atatha masiku asanu ndi limodzi kutsidya kwa msewu. Anachipachikabe, poti chinali chitaikidwa kale m'felemu. A Dokotala nawo anaitana katswiri kuti adzaone makina ojambulira, ati mwina ayamba kujambula molakwika n'chifukwa chake anthu akuchepa. Katswiriyo anati makina ali bwinobwino. Mabedi a m'nyumba yatsopano anakhalabe m'mapulasitiki, tsiku lotsegulira likusunthidwa.

Kutatsala masiku anayi kuti mwezi uthe, a Metironi analowa mu ofesi ya a Fayilo ndi katoni, anaiika pa tebulo, n'kutuluka. Munali mapepala akale a mashifiti a zaka zambiri. A Fayilo anakhala nawo masiku awiri. Anaona mivi, timitanda, timabotolo, penapake kansomba. Anayesa kuzilowetsa m'kompyuta, kompyuta inakana. Tsiku lachitatu masana anandipeza ndikutsuka galimoto.

"Achimwene, mumadziwa kumene amakhala mayi aja?"

Galimoto ya a Fayilo inali ku galaja, choncho tinapita pa ambulansi. Limenelo linali phunziro loyamba. Ambulansi ikaima pakhomo pa munthu, anthu samaganiza za mafayilo. Tisanatsike n'komwe, azimayi oyandikana nawo anali atasonkhana, wina wayamba kale kusisima. Mayi Pensulo anatuluka kuseri ndi thovu m'manja, anayang'ana ine, anayang'ana fayilo, n'kunena kuti ngati ndi kalata yowachotsa tingowapatsa, zovala zikudikira.

A Fayilo anakhala pa ndowa yovundikira, anayala mapepala pamaondo, n'kufunsa kuti kabotolo n'chiyani. Woyamwitsa. Kamtanda? Wa tchalitchi. Kansomba? Mayiwo anaseka koyamba mwezi wonsewo. Anati ameneyo ndi nesi amene mwamuna wake amayenda maulendo ataliatali a malonda a nsomba, akabwera pamafunika kumupatsa mpata, apo ayi banja litha. A Fayilo anafunsa kuti zimenezi zinalembedwa pati. Mayiwo analoza pamutu pawo. Anakhala choncho ola lathunthu, bwana akufunsa, wokolopa akuyankha, ine ndikuuza anthu kuti palibe wamwalira.

Pomaliza anawapempha kuti abwerere tsiku lomwelo. Mayi Pensulo anafunsa kuti abwerere ngati ndani. A Fayilo anayang'ana m'fayilo. Udindo wa mu ofesi umafuna satifiketi, lamulo analemba okha. Wokolopa saloledwa kukhudza mashifiti, lamulo analembanso okha. Anati zimenezo tikaziona kutsogolo. Mayiwo anati ngati ndi mpando wa mu ofesi ausunge, chifukwa munthu wokhala pampando sauzidwa kanthu, mopu yawo aipeze pomwe anaisiya.

Tsono kutsogolo kwa ambulansi kuli malo a munthu mmodzi. A Fayilo, mwaulemu wawo uja, anati amayi akhale kutsogolo, iwo n'kukwera kumbuyo, kukhala pa machira, fayilo pamiyendo. Titafika pa geti anatsika msanga, anathamanga kudzatsegula chitseko, n'kuwagwira mkono potsika. Ogulitsa zipatso anaona zonse: bwana wa tayi akuchokera kumbuyo ngati katundu, mayi wa duku akutsika kutsogolo ngati nduna, a Metironi akuwachingamira, a Dokotala akuwapatsa moni wa manja awiri pamene sakudziwa bwinobwino kuti anapita kuti. Dzuwa lisanalowe, chipatala chinali chawo.

Ntchito anabwerera. Lolemba lililonse m'mawa amaimika mopu pakhomo pa ofesi, amalowa, amanena zomwe akudziwa, a Metironi amavomereza, a Fayilo amalemba m'kompyuta n'kuwerenga mokweza kawiri kuti mivi isadutsanenso. Lamulo loletsa wokolopa kukhudza mashifiti silinafafanizidwe, kotero mlungu uliwonse amaliphwanya pamaso pa mwini wake, iye akuwathirira tiyi. Kalata yowaimitsa ntchito ikadali m'fayilo yawo. Pa mzere wa udindo a Fayilo alemba n'kufufuta mpaka pepala labooka. Wopemphera Loweruka uja anabwerera. Mzamba sanabwerere, amangotibayibitsa kutsidya kwa msewu. Nyumba yatsopano inatsegulidwa mbali imodzi, mbali inayo ikudikira manesi. A Dokotala akuti agula makina ena.

Dzulo ndinawapeza m'khonde la ku labu, atawerama pa ndowa. Ndinavula chipewa, ndinagwada pang'ono, n'kunena kuti abwana, tauni yonse ikuti chipatalachi n'chanu, ndiye mutiuze ife antchito anu ngati n'zoona. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Chikanakhala changa, inu ndikanakuchotsani kalekale. Sunthani, mwaponda ponyowa."