Masokosi a Mchenga a Bambo Goma

Ndikawaganizira a Goma, chimayamba kundifika ndi fungo la guluu womatira machubu a njinga, losakanikirana ndi utsi wa makala ndi fumbi lotentha la paboma pa Chama. Anali aneba athu, ankakonza njinga za anthu a ku Kambombo pansi pa mtengo wa mango, ndipo ntchito ikachepa masana ankatenga masokosi awiri aatali okhala ndi mchenga kunsonga n'kumawazunguza m'mbali mwawo, mwina pamwamba pa mutu, mpaka ankamveka kulira mumphepo. Masewerawo ankawatchula kuti poyi. Anawaphunzira kuchipatala cha kumigodi, mwala utawaphwanya phewa, kwa mayi wina wachilendo amene ankalimbitsa manja a odwala.

Ine ndinabadwa wamanzere, ndipo masiku amenewo umenewo unali mlandu. Ndili giredi 3, aphunzitsi ananena kuti ndikalephera kulemba ndi dzanja lamanja pamayeso otsiriza chaka, ndibwereza kalasi. Bambo anga anathira ndemanga yawo: ndikabwereza, sukulu yathera pomwepo, ndipita kwa azakhali ku Chikwa kukaingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Amayi, mwachikondi chawo, anayamba kundimangirira dzanja lamanzere kumbuyo ndi chitenje ndikamalemba. Zilembo zinkatuluka ngati mapazi a nkhuku, ndipo ndinkalira mpaka kope kunyowa.

Tsiku lina a Goma anasuzumira pampanda n'kundiona chomangidwa.

"Amake Taonga, mwana si mbuzi," anatero. "Mumasuleni. Muzinipatsako masana alionse, kwanja kwamene uko tizakuutsa." Kwanja ndiye dzanja m'chiyankhulo chawo.

Sanandipatse pensulo ayi. Anatenga masokosi akale a sukulu, anathiramo mchenga wodzaza chikhatho chimodzi, anamanga mfundo, n'kuyeza kuti kutalika kwake kuchokere pachikhatho changa kulekeza m'khwapa. Anandiyambitsa ndi sokosi imodzi kudzanja lamanzere lomwe linkadziwa kale zinthu, kenaka n'kuisamutsira kulamanja.

"Kwanja kochenjera kuphunzise kunzake," ankatero. "Manje zungusa na pamkono apa, osati phewa. Suli kupalasa bwato."

Ankandiimika pafupi ndi khoma la nyumba yawo kuti sokosi ikapotoka igunde khomalo, ndidziwe kuti bwalo langa lakhota. Ankandiletsa kuiyang'ana, ankati ndizimvera kulemera kwake ndi kuwerenga mokweza. Ndikangoyamba kukomedwa nazo, ankandilanda n'kundithamangitsa, ati pang'ono tsiku lililonse kuposa kudzipha tsiku limodzi. Zimenezi zinkandipsetsa mtima kwabasi, chifukwa ndinali mwana wapupuluma ndipo mayeso ankayandikira.

Ndiye Loweruka lina ndinadziona wanzeru. Ndinakhuthula mchenga n'kuikamo miyala ya kumtsinje, poganiza kuti cholemera chilimbitsa dzanja msanga, ndipo ndinatenga masokosi onse awiri nthawi imodzi. Sindinafike n'komwe pa khumi. Anakolana kutsogolo kwanga, ina inandibwerera pakamwa, mlomo n'kung'ambika. A Goma anabwera akuthamanga ndi sipanala m'manja, anandipukuta magazi ndi malaya awo, ndipo ataona kuti mano alipo onse anaseka mpaka kukhala pansi.

"Iwe muzukulu, poyi imamenya aliyense, ndiye chifukwa timaikamo vofewa. Ufuna ukalembe mayeso ulibe meno?"

Mawa lake anandibwezera pakhoma paja ndi sokosi imodzi, mlomo uli chotupa. Patapita milungu ingapo anandilola ziwiri, poyamba zikuyendera limodzi, kenaka zikusinthana, ina ikamakwera ina ikutsika. Tsiku limene zinayenda osakolana ndinamva manja anga onse akugwirizana koyamba m'moyo wanga. Kenaka ankati ndikamaliza kuzunguza ndizijambula mabwalo omwewo padothi ndi kamtengo, aakulu, kenaka aang'ono, mpaka anasanduka zilembo.

Mayeso ndinalemba ndi dzanja lamanja. Zilembo zake sizinali zokongola, koma zinkawerengeka, ndipo ndinapita giredi 4. Ndinathamangira kwa a Goma ndi pepala la zotsatira, ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Iwo anangoyang'ana pepalalo, anandipatsa kamtengo kudzanja lamanzere n'kuloza pansi.

"Kusukulu apase kwamene afuna. Koma pano uzilemba na uku. Sitinautse kumozi kuti tipaye kunzake." Sankafuna kuti dzanja lamanzere life.

Ndinawakonda bambo amene aja, ndipo ndimadandaula kuti anamwalira ndisanakule mokwanira kuwauza. Lero ndine namwino, ndimasoka mabala ndi dzanja lililonse limene lili pafupi. Mwana wanga wamkazi atayamba kugwira pensulo ndi lamanzere, amayi, amene tsopano ndi okalamba, anandiyang'ana kudikira kuti ndichitepo kanthu. Ndinamulanda pensuloyo, ndinaisongola bwino, n'kumubwezera m'dzanja lomwelo.