Ndinamuyankha m'Chishona

Ku koleji ndinkabisa zoti makolo anga anachokera ku Malawi. Anzathu olankhula Chishona ankatiseka kuti ndife obwera, ndiye Chichewa ndinkachisiya kunyumba ku Dangamvura.

Tsiku lina masana mu minibasi ya kombi, Esinati, mtsikana wa m'kalasi mwathu, anakhala pambali panga. Ankadziwa za kwathu chifukwa amayi ake ndi amayi anga ankapemphera mpingo umodzi. Anandinong'oneza m'Chichewa kuti ena asamve.

"Achemwali, aphunzitsi ena anditsekera mu ofesi n'kumandigwiragwira. Akuti ndikakana andilepheretsa mayeso. Mundiperekeze ndikanene, ndekha ndikuopa."

Kumbuyo kwathu kunali anyamata awiri a m'kalasi mwathu. Ndinayankha m'Chishona, mokweza, kuti sindikumva zimene akunenazo. Ndinasekanso, kupusa kwanga ine.

Esinati anangoyang'ana pawindo mpaka anatsika. Teremu yotsatira sanabwerenso.

Ofesi yokadandaulako ndinkaidziwa bwinobwino, inali pafupi ndi laibulale pomwe ndinkadutsa tsiku lililonse. Panopa ndimakhala ndekha ku Murambi, ndipo ndimatha mwezi wathunthu popanda wondilankhula Chichewa. Womaliza kunditchula kuti achemwali anali iyeyo, ine n'kunena kuti sindikumva.