Mayi Valdirene ndi Tatu wa M'wilibala

Mayi Valdirene anabadwira pafamu ya ng'ombe kufupi ndi mtsinje wa Pardo, ndipo ukali anachita kuyamwira. Bambo awo anali woweta ng'ombe za eni, munthu wofatsa amene ankavulira chipewa ngakhale galu wa bwana. Mwana wawoyu sanatengeko mpang'ono pomwe. Famuyo itagulidwa ndi kampani yobzala bulugamu, mabanja onse anawakweza m'lole ngati matumba a chimanga. Mayi Valdirene, omwe ukwati wawo unali utatha kale, anapeza kamunda m'mphepete mwa kankhalango kamene kampani inasiya, nayamba kuweta njuchi.

Njuchi zinawayanja. Uchi wawo unkatha pamsika dzuwa lisanafike paliwombo, ngakhale aliyense ankadziwa kuti wonenerera mtengo abwerako makutu akulira.

Kenaka kunabwera tatu, nyama yakutchire yokumba mauna. Osati wamng'ono uja timakumana naye m'minda ya chinangwa ayi, koma wamkulu, wotchedwa kanasitira, wolemera ngati nkhumba, wa chigoba pamsana ndi chikhadabo chonga chikwakwa. Ambiri timakalamba osamuona, pakuti amabindikira kuuna kwake pansi pa nthaka, n'kumatuluka anthu atagona kukafumula zulu za chiswe. Koma zuluzo mathirakitala a kampani anali atazisalaza. M'mawa wina mayiwo anapeza mng'oma uli chagada, matabwa atang'ambidwa ngati pepala. Uchi tatuyo anangousiya ukuchucha pansi. Iye anadya ana a njuchi okha.

"Mwana wa mfiti iwe!" anakuwa mayiwo atayang'ana kunkhalango. "Uchi wausiya, wandidyera ana! Utuluke masana tionane!"

Anamanga mpanda wa waya, tatu anakumba kunsi kwake. Anasanjika miyala pamwamba pa ming'oma, tatu ankaimirira ndi miyendo yakumbuyo atatsamira mchira, n'kukankha zonse. Mapazi ake ankaoneka bwinobwino pamchenga, ngati akuwaseka.

Mchimwene wawo Jurandir, woyendetsa thirakitala kukampani komweko, anabwera Lamulungu lina kudzamwa tiyi wozizira wotchedwa terere pakhonde.

"Achemwali, nyama sakambirana nayo," anatero. "Kapaketi kamodzi ka mankhwala a nyerere, nkhani yatha."

"Mankhwala pafupi ndi njuchi zanga? M'mutu mwanumo munalowa dizilo, achimwene."

"Ndiye muzimutukwanabe, mwina aphunzira Chipwitikizi."

"Mukadzangoyerekeza, otsalawo ndidzakumwetsani."

Jurandir anaseka. Loweruka, mlongo wake ali kumsika, anatenga mankhwala kuntchito n'kukawaza pa malesa a mng'oma wogwetsedwa. Sanaganize kuti uchi wotayika umaitana njuchi za ming'oma yonse, ndi kuti chimene zanyambita zimapita nacho kwawo.

M'mawa mwake Mayi Valdirene anazindikira ndi makutu. Kumalo a njuchi kunali zii. Pakhomo pa mng'oma uliwonse panali mulu wakuda wa njuchi zakufa, zina zikuphiriphitabe. Anatsata miimba imene inkazungulira m'mwamba, napeza tatu atafera pakhomo pa una, chikhadabo chili m'dothi. Atamutembenuza anaona kuti ndi wamkazi, mawere ali ndi mkaka. Kanasitira amabala mwana mmodzi yekha, ndipo pamapita zaka asanabalenso. Mayiwo anatenga khasu n'kukumba unawo mpaka manja anatuluka matuza, uku akutukwana nyamayo, mchimwene wawo ndi bulugamu yense. Mwanayo sanamupeze.

"Ndimati ndikuthandizeni," anatero Jurandir madzulo ake, atazyolika.

"Kundithandiza! Tsiku limodzi mwandiphera njuchi zoposa zimene iyeyu wapha chaka chonse. Iye imamutuma ndi njala. Inu chimakutumani n'chiyani?"

Mawa lake kampani inali ndi mwambo wa zachilengedwe kusukulu. Anapachika chinsalu chachikulu chojambulidwa tatu akumwetulira, ana atavala malaya obiriwira, ndipo bwana wa kampani ankalankhula za chikondi chawo pa nyama zakutchire. Ali mkati molankhula, anthu anayamba kutseka mphuno. Mayi Valdirene anali akulowa pageti akukankha wilibala, ntchentche zili ng'waa pambuyo. Anafika kutsogolo n'kukhuthula mtembowo pamapazi pa bwanayo.

"Mayi, chonde, pano pali ana," anatero bwanayo akubwerera m'mbuyo.

"Anawo amuone weniweni! Wanu womwetulirayo amakhala kuti? M'bulugamu mwanumo muli chiswe? Muli duwa?"

"Sitinamuphe ndife, mayi."

"Wamupha ndi mchimwene wanga, ndi mankhwala a kwanu. Koma anamuthamangitsira ku ming'oma yanga ndani? Munasalaza chakudya chake, mwamusiya m'kankhalango kochepa ngati mpango, ndiye lero mukumuimbira nyimbo! Muchite manyazi, bambo!"

Makolo ena anaomba m'manja, aphunzitsi akukokera ana kumbali. Mayiwo ananyamula wilibala yawo n'kutuluka osacheuka. Atafika pamsewu mpamene anakumbukira kuti atchula mchimwene wawo pagulu.

Sabata isanathe Jurandir anachotsedwa ntchito chifukwa cha mankhwala aja, ndipo apolisi oona za nyama anamufunsa mafunso tsiku lathunthu. Anasamukira kumzinda wa Campo Grande ndi banja lake osatsanzika. Kampani sinasinthe kanthu, kupatula kuti chaka chotsatira pachinsalu anajambulapo mbalame.

Mayi Valdirene anayambanso ndi njuchi zochepa zimene anakola m'nkhalango. Ming'oma anaiika pa mathandala aatali ofika pachifuwa, a miyendo yachitsulo yozikidwa m'simenti, moti pokolola amachita kukwera pabokosi, msana ukuwawa, pakamwa posapuma. Anthu akawanena kuti anagulitsa m'bale wawo chifukwa cha nyama, amayankha kuti sananame liwu ndi limodzi lomwe. Koma uchi woyamba wa ming'oma yatsopanoyo anathira m'botolo lalikulu n'kupatsira woyendetsa basi kuti akapereke kwa Jurandir. Botololo linabwerera losatsegula. Analiyang'ana nthawi yaitali, natukwana, n'kuliika pamodzi ndi ena opita kumsika.