Chishango Changa Musachigawe Kaye

Choyamba chinali ludzu. Unali mwezi wa Juni, kuno ku Mlangeni kukuzizira koti munthu sufuna n'kukhudza madzi komwe, koma ine ndinkamaliza chigubu chathunthu ndisanafike pakati pa munda wa kachewere. Chachiwiri anaona ndi mkazi wanga Nangozo: pomwe ndataya madzi kuseri kwa nyumba pankadzadza nyerere. Anati tipite kuchipatala. Ndinamuyankha kuti ino ndi nthawi ya matipate, nyerere nazo zili ndi ufulu wosonkhana.

Ndinali wovina gule wa ngoma, ndipo wosati wamasewera. Chishango changa cha chikopa cha ng'ombe anandisiyira ndi malemu bambo anga, omwe anagwira ntchito m'migodi ku Joni. Ndikaponda pansi, amayi ankaimba nthungululu. Munthu wotere angapite kwa dokotala kukadandaula ludzu?

Mvula itayamba ndinadzitema ndi khasu pachala cha phazi lamanzere. Sindinamve kuwawa, ndinangoona magazi. Balalo silinapole. Abale anati ndaponda mankhwala m'malire a munda, choncho tinataya miyezi ndi mphini ndi zitsamba. Pofika Febuluwale phazi linada, fungo lake ana ankadyera panja. Anandinyamula pangolo mpaka kumsewu, kenako minibasi ya ku boma.

Dokotala sanazungulire. "Bambo, shuga wakhalitsa m'thupi mwanu. Phazili tikalisiya likutengani."

Moyo wa m'wodi ndi kudikira. M'mawa amakubaya chala, kenako jakisoni, kenako kutsuka bala, kenako phala lopanda shuga. Ukatero umayang'ana kudenga n'kumamvera matayala a machira, kuti kodi akubwerera iwe kapena mnzako wa bedi linalo. Tsiku langa litakwana anadula mwendo m'munsi mwa bondo.

Ndinkaganiza kuti chowawa chathera pamenepo, osadziwa kuti chikundidikira kumudzi. Anthu ankabwera kudzandizonda, n'kukhala pakhonde mitu ili pansi, kulankhula monong'ona ngati pasiwa. Aliyense mawu ake omwewo: limbani mtima, ndinu mwamuna. Tsiku lina ndinayang'ana pakhoma, chishango palibe. Nangozo anandiuza mwamantha kuti mphwanga Yohane, mwana wa mlongo wanga, wachitenga, poti akuluakulu a gule anati malume ake sadzachigwiranso. Kwathu kuno chishango chimasintha dzanja mwini wake ataikidwa m'manda. Palibe anafuna kundichitira choipa, koma ine ndinamva uthengawo. Ndinasiya kudzibaya jakisoni wa shuga. Ndinkafuna kufa, ndipo sindikunena mokuluwika.

Nangozo anazindikira, nandikokera ku sikelo ya odwala shuga. Kumeneko kunali namwino wina wachikulire amene ntchito yake inali kucheza ndi odwala matenda osachiritsika. Atandifunsa kuti ndili bwanji, ndinayankha monga timayankhira tonse, kuti ndikupezako. Iye anangokoka mpando.

"Mwendowo ndauona kale, bambo. Ine ndikufunsa inuyo."

Ndinafuna kukwiya, koma m'malo mwake ndinalira, mkazi wanga akuona. Ndinamuuza za chishango. Sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anati, "Shuga sachira, sindingakunamizeni. Koma musadzikhalire pa maliro anu omwe muli moyo. Chishangocho mwini wake alipo, kachiitanitseni."

Anandilowetsa m'gulu lomwe limakumana pa tsiku la sikelo, pamabenchi a kuseri kwa chipatala. Muli a shuga, a BP, ena ofa ziwalo. Mmenemo munthu ukhoza kunena kuti watopa ndi moyo popanda wina kukutsegulira vesi. Lamulo lathu ndi limodzi: tsiku loti mtima wakana mankhwala likafika, uuze munthu, usakhale nalo wekha. Komatu gululi si mankhwala. Mabenchi ena omwe ndinawapeza odzadza lero ali mbee, ndipo eni ake sitifunsana kuti ali kuti.

Lero sindili bwino. Maso achita nkhungu, nkhope ya munthu ndimaizindikira akayandikira. Phazi lotsalali layamba dzanzi ngati mmene linayambira linzake, ndipo dokotala akuti impso nazo zikufooka. Munda akulima ndi Nangozo yekha. Sindikhulupirira kuti ndidzaona zokolola zambiri. Masiku okana jakisoni amabwerabe, kungoti tsopano ndimanena, Nangozo n'kukhala pambali panga mpaka nditadzibaya. M'mawa uliwonse amandigwira phazi n'kuliyang'ana chala ndi chala.

Inu amene ludzu silikukuthani, kapena muli ndi bala losawawa koma losapola, pitani akakubayeni chala lero lomwe. Mphini zinandidyera mwendo. Ndipo amene mwauzidwa kale kuti matenda anu sachira, pezani woti muzimuuza zoona, chifukwa "ndikupezako" wapha anthu ambiri.

Yohane ndinamuitanitsa. Anabwera atanyamula chishango, n'kugwada pakhomo, manyazi ali tho. "Pepani malume, ife timati mwina..." Sanamalize, ndipo ine sindinamuthandize kumaliza. Ndinamuuza achipachike pa msomali wake womwe uja. Kuvina sindidzavinanso, ndipo chishangocho chidzakhala chake ndithu, mwina posachedwapa. Koma adikire kaye.