Matayala a Tsiku la Chipatala

Dzina loti a Nkhono anawapatsa ndi madalaivala a minibasi, anthu amene amaona ngati buleki anaiika m'galimoto kuti ingokongoletsa. Akawapeza kutsogolo kwawo ankaliza hutala, kondakitala n'kutulutsa mutu pawindo: "A Nkhono, tatiyeni inu! Mwanyamula mazira kodi?" Iwo kutembenuka ayi. Manja onse awiri pachiwongolero, ankangoti chamumtima kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anayamba kuyendetsa galimoto ya banja lina lolemera tsitsi lili bii, ndipo linachita kutuwira pampando womwewo. Malemu bwana wamkulu ankawatama kwa alendo kuti dalaivala wakeyo akamayendetsa, munthu ukhoza kumwa tiyi kumpando wakumbuyo osadonthezera tayi. Chuma cha a Nkhono chinali mbiri imeneyi basi. Kwawo kunali kanyumba ka zipinda ziwiri ndi njinga yolira ngati ikudandaula, koma aliyense wokwera kumbuyo kwawo ankafika ngati sanayende ulendo.

Bwana wamkulu atamwalira anasiya mkazi wake, amene antchito onse ankangowatchula kuti Adona, ndi galimoto yakuda, yaitali, ya mipando yachikopa. Adona impso zinali zitafooka. Lachiwiri ndi Lachisanu ankayenera kupita kuchipatala kukawalumikiza ku makina osefa magazi, ndipo dokotala ananena mosapsatira kuti kujomba ndi kudzikumbira manda. Matendawo anali atawadyanso mafupa a msana, moti ngakhale pofuna kuyetsemula ankayamba agwira kaye mpando.

Panalinso mwana mmodzi wamwamuna. Ameneyu a Nkhono ankapita naye kusukulu ali ndi mamina m'mphuno. Tsopano anali bwana pakampani ina, koma kwa iwo anali adakali bwana wamng'ono, iye n'kumawaitana kuti ankolo. Sanali mwana woipa, tisamunamizire. Madzulo aliwonse akaweruka ankadzera kwa mayi ake. Vuto lake linali chikondi chaphuma: akangomva mawu amodzi, wathamangira kale kusitolo.

Tsiku lina Adona ali pakhonde anayang'ana galimoto ija n'kuusa moyo. "Yakalamba ngati mwini wake," anatero. Ankangodandaula monga amachitira munthu wamasiye, koma mwana anatola mawuwo. Loweruka anatenga makiyi m'mawa, n'kubwerera dzuwa litapendeka.

Galimoto inalowa pageti ngati mkulu wa mpingo amene wabwereka nsapato za mdzukulu wake. Kumatayala inali itavala malimu achitsulo aakulu, otambalala, onyezimira moti ukanametera ndevu pamenepo. Anadzaza madigadi onse osasiya polowetsa chala, ndipo labala wake anali wopyapyala ngati lamba wa thalauza.

"Amayi, taonani!" anafuula mwanayo akutsika. "Yakalambanso?"

Adona anaomba m'manja, naseka mpaka misozi. "Mwana wanga, wandibwezera utsikana!"

Chichitikire maliro kunali koyamba kuti m'nyumbamo mumveke kuseka, ndipo bwana wamng'ono nayenso anaseka, nkhope yake n'kuwala kuposa malimuwo. A Nkhono okha ndi amene sanaseke. Anagwada, nakanikiza labala uja ndi chala. Ankadziwa kuti chimene chimameza mabampu ndi mpweya wa m'tayala, ndipo apa mpweya unalibe pokhala. Matayala akale, onenepa bwino aja, anali ataponyedwa pakona m'galaja. "Amenewo mutaye, ankolo, kapena mupatse munthu," anatero mwanayo. Iwo anangowafunditsa chisaka.

Lachiwiri anayendetsa pang'onopang'ono kuposa masiku onse, mpaka wanjinga wonyamula makala anawapitirira. Sizinathandize. Hampu ya panja pa geti, zigamba za phula, ngakhale kamwala kakang'ono, zonse zinkakwera ndi chitsulo mpaka kumpando wakumbuyo. Pagalasi loonera kumbuyo anaona Adona ataluma mpango, thukuta lili kamukamu. Atafika kuchipatala anachita kuwanyamula anamwino awiri.

Pobwerera, galimoto itaima pakhomo, Adona sanatsike msanga.

"A Nkhono, Lachisanu musavutike kutulutsa galimoto. Sindipita."

"Adona, makina aja sitipitira kufuna."

"Ndikudziwa. Koma ululu uwu sindiubwerezanso. Bola ndifere pabedi panga."

"Ndiye ndimuuze bwana wamng'ono abwezeretse akale aja."

"Mungayerekeze! Munaiona nkhope yake Loweruka? Chimwalirire bambo ake mwana uja wakhala akuvutika kuti ndiseke. Lero ndikamuuze kuti mphatso yake ikundipha? Lonjezani kuti pakamwa panu sipatuluka kanthu."

Analonjeza, poti munthu wodwala sulimbana naye pampando wa galimoto. Koma njira yonse yopita kwawo anapalasa njinga mutu uli gwaa. Galimoto ya mwanayo inali yaitali msinkhu, Adona sakanatha kukwera. Yahayala ikanabweretsa mafunso. Kusiya matayala akale pagalimoto sabata yonse sikukanatheka, chifukwa bwana wamng'ono akafika madzulo ankayamba wapereka moni kwa malimu ake asanalowe m'nyumba.

Akazi awo, amene ankasoka zovala pakhonde ndi makina opalasa, anawaona nkhope n'kuimitsa phazi. A Nkhono anawafotokozera zonse, poti lonjezo lija silinkafika mpaka kwa mkazi wa munthu.

"Ndiye mutani, bambo?"

"Lachisanu apita."

"Pa chiyani? Muwabereka kumsana?"

"Apita basi."

Lachisanu analawirira, nafika kuntchito mlonda asanaweruke. Anavula shati yoyera n'kuipachika pamsomali. Anamasula manati galimoto idakali pansi, nalowetsa jeke, napukusa mpaka tayala linanyamuka. Malimu aja, kukongola konseko, ankalemera ngati thumba la simenti. Anawagoneka pamakatoni kuti asakalike, nagubuduza akale aja, nawapopa ndi pampu ya phazi. Atamaliza onse anayi anasamba pampopi wa kuseri, navala shati yawo, n'kukaimika galimoto pakhomo penipeni.

Adona anatuluka ndi ndodo kudzawakumbutsa kuti sapita. Anayang'ana matayala, nayang'ana a Nkhono, nayang'ananso matayala. Kenako anaitana wantchito wa m'nyumba kuti awatengere chikwama.

"Tiyeni, tichedwa," anatero.

Masana atabwerako, Adona akugona, a Nkhono anayambiranso ntchito yonse chobwerera. Akale anabwerera pansi pa chisaka, onyezimira pamalo pake, n'kuwapukuta ndi kansanza. Madzulo ena, patapita masabata angapo, bwana wamng'ono atafika anazungulira galimoto manja ali m'thumba.

"Ankolo, inu ndiye mumasamala zinthu! Labala uyu sakutha n'komwe!"

"Timayesetsa, bwana."

Umenewu unasanduka moyo wawo. Mvula inabwera n'kupita, a Nkhono ali pa jeke Lachiwiri ndi Lachisanu, m'mawa kuchotsa, masana kubwezera. Adona sanajombe ngakhale kamodzi, ndipo nkhani ya matayala sanaitchulenso. Ankangouza wophika kuti tiyi wa a Nkhono azithiramo mkaka wambiri. Koma zaka sizinyengeka. Munthu amene ntchito yake inali kukhala pampando anayamba kuyenda chowerama, ndipo pokwera njinga ankayamba waiyandikitsa pachitsa.

Madzulo akazi awo ankawatikita ndi mankhwala otentha, pakamwa posapuma.

"Inu bambo, kuti mupulumutse msana wa eni mwapereka wanu. Tsiku limene mudzagone osadzuka, adzakusinthireni matayala ndani?"

"Muzidzandikankha pa wilibala, mayi."

"Wilibala yake iti? Imene munabwereketsa kwa mlamu wanu ija? Gonani bwino apa, ndisakuthyoleni."

Ankaseka, koma mayiwo ankaopa, ndipo ankanena poyera kuti akuopa.

Ndiye linafika Lachinayi lina. Bwana wamng'ono akutsanzika pakhonde anati, "Amayi, mawa ndapempha tchuthi. Ndikuperekezani kuchipatala, ndikaonane ndi adokotala anu." Adona anamwetulira mpaka galimoto yake inatuluka pageti. Kenako anaitana a Nkhono.

"Mawa musakhudze kanthu. Ndinena kuti ndadzuka ndi mutu, sitipita."

Sabata imeneyo mapazi a Adona anali atatupa, mpweya ukuwavuta. A Nkhono anavula chipewa. Zaka zonsezi anali asanawatsutsepo mayi amenewa, ndipo mawu anatuluka okhakhala.

"Mawa mupita, Adona."

Kunyumba akazi awo anangogwira pakamwa. "Akakupezani akuchotsani ntchito, bambo. Ndipo inu, ndikukudziwani, simudziteteza." A Nkhono anati ntchito imapezeka ina, koma magazi a munthu sadikira Lachiwiri.

M'mawa mwake bwana wamng'ono anafika msanga kuposa mmene aliyense ankayembekezera. Anapeza chitseko cha galaja chili chotsekula, galimoto ili pa jeke, malimu ake atagona pamakatoni, dalaivala atagwada mu vesiti akulowetsa tayala lakale lomaliza.

"Ankolo, chikuchitika n'chiyani apa?"

A Nkhono anatola nati.

"Ndikukufunsani! Wakuuzani kuti muchotse ndani?"

Mnyamatayo anayang'ana makatoni aja, mmene anawayalira bwinobwino ngati katundu woyembekezera womugula, ndipo nkhope yake inasintha.

"Mukugulitsa? Alipo amene akubwera kudzatenga? Ankolo, mukuba?"

Mawu amenewo anawalasa a Nkhono kuposa msana. Mwana amene ankamupukuta mamina ndi mpango wawo! Nati inagwa n'kugubuduzika. Choonadi chinali pamlomo penipeni, ndipo mawu awiri okha akanawayeretsa. Koma anangoitola nati ija.

"Siyani sipanalayo. Perekani makiyi."

Anapisa m'thumba, naika makiyi pa boneti, nabwerera pamaondo awo.

"Makiyi ndi anu, bwana. Koma tayala ili ndimaliza."

"Usawanyoze ankolo ako." Mawuwo anachokera pakhomo la galaja. Adona anali ataima pamenepo, atatsamira ndodo ndi manja awiri, akupuma movutikira. Phokoso linali litawadzutsa, ndipo anayenda okha kuchokera kuchipinda. "Pano wakuba palibe. Pali wabodza, ndiye ine. Matayala ako ndi okongola, mwana wanga, koma amandipweteka. Tsiku loyamba lomwe ndinaganiza zosiya chipatala. Ndinawaletsa bambo awa kukuuza, ndiye akhala akusintha okha m'mawa ndi masana. Miyezi yonseyi chimene chandifikitsa ku makina ndi msana wawo."

Mnyamatayo anayang'ana a Nkhono, ndipo mwina kanali koyamba kuona mmene munthuyo anapindikira.

"Amayi, bwanji osangondiuza?"

"Unaseka tsiku lija. Ndinali nditaiwala mmene umasekera."

A Nkhono anafuna kudzuka kuti akanikize sipanala, koma msana unakana. Anagwira madigadi, mano ali gwaa, nadikira kuti ululu udutse.

"Bwana, zimenezo mukambirana m'njira. Makina sadikira munthu. Tagwirani apa."

Bwana wamng'ono anagwada pasimenti ya mafuta ndi thalauza lake losita. Anagwira sipanala ngati munthu amene sanaigwirepo, poti analidi asanaigwirepo.

"Ankolo, mawu ndanena aja..."

"Mangani manati. Osati motsatizana, muzidumphitsa. Iyi, kenako ya kutsidya. Eya. Limbitsani."

Jeke itatsika, mnyamatayo anatenga makiyi pa boneti n'kuwapereka ndi manja awiri, maso ali pansi. A Nkhono analandira, nakasamba pampopi, navala shati yawo yoyera.

Mayi ndi mwana anakhala kumbuyo. Atayandikira hampu ya panja pa geti, a Nkhono anaona pagalasi mnyamatayo atauma thupi, akuyang'anitsitsa nkhope ya mayi ake. Galimoto inakwera, n'kutsika. Adona sanatsinzine n'komwe ndi ululu. Asanafike pamsewu waukulu anali atatsamiritsa mutu paphewa la mwana wawo, tulo titawatenga.

Kumbuyo minibasi inayamba kuliza hutala. "A Nkhono, tatiyeni inu!" Bwana wamng'ono anatsitsa galasi mwakachetechete, natulutsa dzanja lakuda ndi girisi, n'kuikodola kuti idutse. Kenako anaweramira kutsogolo pang'ono, mosamala kuti phewa lisagwedezeke, n'kunong'ona.

"Ankolo, chepetsaninso pang'ono."