Tsiku limene atcheya anatsimphina kachiwiri

Ndili ndi kope limene pachikuto pake ndinalembapo kuti Zaulimi. M'kati mwake mulibe za chimanga kapena feteleza. Ndinalemba choncho chifukwa kwathu palibe amene angatsegule kope la zaulimi mwa kufuna kwake. M'menemo ndimalembamo zimene ndaona tsikulo, ndikangoweruka kusukulu, ndisanayambe kutsuka mbale. Pakamwa ndine wolephera. Aphunzitsi akandiloza m'kalasi, yankho limene ndikulidziwa bwinobwino limatsakamira pakhosi, ndipo ndimayang'ana desiki mpaka aloze wina. Koma ndikagwira cholembera ndimasanduka wolongolola. Sindisiya kanthu, ngakhale mtundu wa sokosi za munthu.

Amayi amagulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu waukulu, pakamsika kena kufupi ndi Nsipe. Zonse za pamsikapo zili m'manja mwa komiti. Mjigo ukawonongeka ndi komiti, dzenje la zinyalala likadzaza ndi komiti, munthu akafuna malo oikapo benchi ndi komiti yomweyo. Imakumana Lachisanu loyamba la mwezi, pakhonde la sitolo ina imene inatsekedwa kalekale. Chilolezo chake ndi kapepala ka chidindo kongonena kuti uje waloledwa kugulitsa. Malire salembedwapo. Atcheya amayeza malowo ndi mapazi awo, anthu akuwerenga mokweza, kenako alembi amalemba m'buku lawo la chikuto cholimba. Kalipentala wa pamsikapo ali ndi tepi yoyezera, koma anthu amati tepi amaidziwa ndi mwini wake yekha, pamene mapazi a atcheya aliyense amawaona.

Amayi anapatsidwa malo awo ndili Fomu 1, ndipo tsikulo ndinawaperekeza. Chaka chotsatira pamsewu anaikapo zitunda zochepetsa liwiro la galimoto, ndipo maminibasi anayamba kuima moyang'anizana ndi ndowa zawo penipeni. Malo amene kale anali wamba anasanduka abwino kuposa onse. Oyandikana nawo, mayi ena ogulitsa tomato, anayamba kusendeza beseni lawo. Lero pang'ono, mawa pang'ono. Amayi ankalibweza ndi phazi, eni ake n'kulisendezanso. Pomaliza nkhani inapita kukomiti.

Alembi anabwera ndi buku lija atalikulunga m'jumbo. Atalitulutsa, fumbi linagwa pansi. Chiswe chinali chitadya masamba onse a chaka chimene amayi anapatsidwa malo, n'kusiya chikuto ndi theka la nkhani ya mjigo. Atcheya anati popeza umboni palibe, pamsonkhano wotsatira malo onse a kumsewu adzagawidwa mwatsopano, ndipo amene akukangana adzayambira kumbuyo, kufupi ndi dzenje la zinyalala. Kumeneko sikufika wogula wa pagalimoto.

Amayi anabwerera kunyumba. Anakhala pakhonde n'kumachotsa dothi pakachewere imene inali yoyera kale. Ndinawazungulira kawiri, kenako ndinagwada pambali pawo.

"Amayi, ine ndinalemba."

"Unalemba chiyani?"

"Za tsiku lija. Mapazi aja."

Ndinkaganiza kuti ndiwawerengera mzere umodzi, mtima wawo ukhale pansi, basi. Iwo anangoti, "Lachisanu lakelo ukapemphe kusukulu, uweruke msanga." Ndinazindikira mochedwa kuti ndadzikumbira ndekha dzenje.

Komiti yathu ili ndi lamulo limene sindinkalidziwa. Pepala lililonse la umboni limawerengedwa ndi mwini wake ataimirira, kuyambira pamwamba mpaka pansi, alembi akutsatira ndi chala kuti asadumphe mzere. Akuti anayamba zimenezi bambo wina atawerenga kalata n'kusankhamo zomukomera zokha. Ndinamva lamulolo nditafika kale pakhonde paja, yunifolomu ili m'thupi, kope lili m'manja. Pemphero lotsegulira linali lalitali, ndipo ine ndinawonjezerapo langa lakuti mvula igwe, ngakhale unali mwezi wa Seputembala.

Nkhani yathu itafika ndinagwada.

"Imirira mwanawe," anatero atcheya. "Umboni sitiwerenga chogwada."

Ndinaimirira. Alembi anaika chala pamzere woyamba. Ndinayamba, koma mawu anga sanadutse kolala ya bulauzi.

"Kweza mawu, sitikumva kuno!" anakuwa mayi a tomato aja. "Kapena mwamuphunzitsa kunyumba, waiwala?"

"Akuwerenga zolemba zake, achemwali, musamusokoneze," anayankha amayi.

Ndinakweza. "Lachisanu. Ndaperekeza amayi kukomiti. Atcheya avala jekete ngakhale kukutentha. Pa nkhani ya chimbudzi anagona, ntchentche inatera pamphuno pawo, ndipo atadzidzimuka anati tonse tagwirizana."

Khonde lonse linaphulika ndi kuseka. Wina anagwa pabenchi. Atcheya anakonza jekete lawo, lomwe lija, n'kunena kuti, "Ndinkapemphera ine."

"Ameni!" anatero munthu wina kumbuyo.

Ndinayang'ana alembi kuti mwina andimvera chisoni tidumphe. Anali akuseka mpaka misozi, chala chili pomwepo. Ndinapitiriza. "Alembi amanyambita cholembera asanalembe. Lilime lawo ndi labuluu."

Anatseka pakamwa nthawi yomweyo. Tsopano amene anaseka ndi atcheya, akumenya bondo. "Pitiriza mwana wanga, umboni wabwino uwu."

Mzere wotsatira ndinauona ndisanaufike, ndipo ndinalakalaka chiswe chikanayambira kwathu. "Mayi a tomato andipatsa chitumbuwa osandifunsa funso lililonse. Ndimawakonda chifukwa sandikakamiza kuyankhula. Ndikanakonda akanakhala azakhali anga."

Apa palibe anaseka. Mayiwo anayang'ana kumsewu, n'kumasula duku lawo limene linali lomangidwa bwinobwino, n'kulimanganso. Ine makutu anali akutentha ngati ndawaika pachiwaya.

Kenako tinafika pamene tinadzera. "Malo a amayi ayambira pamtengo wa magetsi, mapazi asanu ndi atatu kulowera kumjigo."

"Mwamva!" anatero amayi, ataimirira. "Asanu ndi atatu! Ndinkanama ine?"

Ndinayamba kutseka kope. Chala cha alembi chinakana kuchoka. Anayankhula atabisa pakamwa ndi dzanja linalo. "Patsala mizere itatu."

Ndinawerenga. "Koma atcheya akutsimphina. Phazi lamanzere amanga nsanza, akuti anaponda msomali. Mapazi awo lero ndi aafupi ngati anga, ndipo ndawamvera chisoni."

Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono.

Mtsutso umene unabuka unatenga nthawi yaitali kuposa nkhani ya mjigo. Ena ankati mapazi ndi mapazi, atcheya angoyeza monga akuyendera lero. Ena ankati ayi, malo anaperekedwa ndi phazi lodwala, ndiye abwezedwe ndi phazi lodwala. Anakweza manja, ndipo a phazi lodwala anapambana. Tonse tinatsika pakhonde kupita pamtengo wa magetsi.

Atcheya anavula nsapato yamanzere n'kuipereka kwa alembi. Sokosi inali yobiriwira, yobooka pachala chachikulu, ndipo ndinadziletsa kwambiri kuti ndisaisunge m'mutu. Anaponya phazi loyamba motsimphina, n'kutembenukira kwa ine.

"Chonchi, mwanawe?"

Anthu onse anandiyang'ana. Amayi anandiyang'ana kuposa onse. Ndikanangogwedeza mutu movomera nkhani ikanathera pomwepo, ndipo kugwedeza mutu ndiyo ntchito imene ndimaidziwa kuyambira Sitandade 1. Koma ndinkakumbukira bwino mmene anayendera tsiku lija.

"Mufupikitseko pang'ono," ndinatero.

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene ndinauzapo munthu wamkulu pagulu osawerenga papepala, ndipo anali odula malo a amayi anga ondibereka.

Atcheya anatsimphina ulendo wonse, komiti ikuwerenga mokweza. Minibasi ina inaima, ndipo kondakitala anafunsa ngati bambowo akufuna kupita kuchipatala. Phazi lachisanu ndi chitatu linagwa kupitirira beseni la tomato, koma osafika pamene amayi ankaloza. Panaperewera malo a ndowa ziwiri. Anaikapo mwala, n'kuupaka laimu. Alembi analemba m'buku latsopano, osanyambita cholembera. Atcheya analengeza kuti aliyense akhale pamene ali, kudzenje la zinyalala sikupita munthu.

Mayi a tomato anakoka beseni lawo okha kulibweza kuseri kwa mwala. Podutsa pafupi nane anandikankha pang'ono ndi chigongono. "Mwana wa achimwene, mawa ubwere udzatenge chitumbuwa chako. Koma chikope chakocho usiye kunyumba."

Pobwerera amayi ankayenda patsogolo, ine pambuyo. Tinadutsa chigayo, tinadutsanso tchalitchi. Titafika pamlatho waung'ono anaima.

"Iwe."

"Mayi."

"Munthu akamatsimphina, uzingomupepesa pakamwa. Wamva? Osalemba."

"Ndamva, amayi."

Anayendanso pang'ono, mapewa awo n'kuyamba kugwedezeka. Ndinkaganiza kuti akulira. "Lilime labuluu," anatero, n'kukhala pamwala kuti aseke bwino.

Malo aja akadali athu, ndipo maminibasi amaima pomwepo. Ndowa ziwiri zimene zinasowa pokhala timaziika pansi pa benchi, ndipo Loweruka ndi ntchito yanga kuzitulutsa wogula akazifuna. Amayi amati popeza ndinazichotsa ndine pamzere, ndiziweramira ndekha. Kope lija ndinalikutira pepala lina n'kulembapo kuti Masamu, chifukwa za Zaulimi msika wonse ukuzidziwa. Atcheya akandiona ndikubwera amawongola msana, n'kuponda pansi mwamphamvu ndi mapazi onse awiri.