Khutu la a Toktosun

Akangotsegula madzi otentha m'mapaipi otenthetsa nyumba za mumzinda wa Bishkek muno, mwezi wa Novembala chisanu chikayamba, piyano zonse zimapenga. Mpweya umauma gwa, matabwa amafota, nsambo zimakhwefuka, ndiye mwana akati aimbeko kanyimbo ka kusukulu, chotulukamo ngati mphaka wopondedwa mchira. Imeneyo ndiyo inali nyengo ya a Toktosun, okunga nsambo za piyano: bambo wamfupi, wadazi, chikwama chakuda chosachoka m'manja. Munthu wokhala ndi piyano koma osawadziwa, ndiye kuti piyanoyo ankangoikapo maluwa.

Anabadwira kumapiri a ku At-Bashy, mwana wa mbusa wa nkhosa, ndipo anamera ndevu asanaionepo piyano. Atatsikira mumzinda anapeza ntchito yonyamula katundu pasukulu ya nyimbo. Tsiku lina atakweza piyano pamasitepe anangodinapo chala, n'kudandaula kuti chinthucho chasintha mawu m'njira. Mkulu wa Chijeremani amene ankakonza piyano pasukulupo anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Siya kunyamula, mawa ubwere m'manja muli moyera." Kuyambira pamenepo anadya za khutu lawo, anakwatira ndi khutulo, ana anaphunzira ndi khutu lomwelo.

Kagwiridwe kawo kanali kamodzi zaka zonse. Amenye kafoloko kachitsulo pabondo, akalume ndi mano kuti liwu lilowe m'mutu, akoleke sipanala pachikhomo, ayambe. Kiyi imodzi ili ndi nsambo ziwiri kapena zitatu, ndipo zikasiyana pang'ono chabe zimakangana, liwu n'kumanjenjemera. "Ukunge mpaka zisiye kukangana, zikasiya nawenso usiye," ankatero. Akamaliza ankagwada, n'kutsegula thabwa la kunsi, n'kudzaza madzi m'mabotolo a jamu amene nyumba iliyonse imasunga m'mimba mwa piyano kuti matabwa asaume. Anyamata a masiku ano ochuna ndi foni ankawanyoza poyera. "Foni ili ndi khutu? Mawa mudzaifunsanso ngati tiyi wapsa!"

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Zaka zapitazi a Toktosun anayamba kudandaula kuti piyano za mumzinda muno zikufa mbali ya kumanja, kumene kuli timawu ting'onoting'ono. Kulikonse kumene apita, nkhani yomweyo. Ankalowetsa mutu wonse m'piyano, n'kumenya kiyi mwamphamvu ngati akukhoma msomali, kuti amve kanthu katali, kowonda, ndiye n'kukunga, kukunga, mpaka dzanja liwauze kuti basi. Ankanamizira kuuma kwa mpweya. Ankanamizira mawaya akale. Chimene sankanena, ngakhale kwa akazi awo a Burul, n'chakuti ketulo ya kunyumba nayonso inali itasiya kuimba likhweru, ndipo mpheta za pamalo okwerera basi zinkangoyasamula milomo. Mantha analipo, eetu, aakulu. Munthu wopanda munda, wopanda nkhosa, khutu likapita watsala ndani?

Chowalimbitsa mtima chinali chimodzi: anthu ankawaitanabe. Palibe anadandaulapo. Ndiye iwo ankati, khutu likanakhala litafa bwenzi foni ikulira chonchi?

Loweruka lina anapita kwa mayi Kalicha, mphunzitsi wa nyimbo wopuma pantchito, amene piyano yawo a Toktosun anaisamala kuyambira mayiwo ali mtsikana. Anagwira ntchito mmawa wonse. Atatha, mayi Kalicha anayala tebulo, buledi, jamu wa zipatso zakuda, tiyi wothira pang'onopang'ono m'kambale monga timachitira ndi mlendo amene sitifuna achoke msanga.

"Manja anu ndi golide, agai," anatero mayiwo, kuwaitana ndi dzina la ulemu la aphunzitsi. "Yabwerera utsikana."

"Ikakhala yabwerera utsikana muisamale, anyamata angaibe," anayankha a Toktosun, onse n'kuseka.

Anafika mpaka pokwerera basi ndi pamene anakumbukira kuti m'mabotolo sanathiremo madzi. Ha! Chiyambire ntchito sanaiwalepo. Anadzitukwana, n'kubwerera m'chisanu muja, n'kukwera masitepe akupuma ngati kavalo wokalamba. Chitseko chinali chosakhoma. Pamphasa ya pakhomo, pamene panali nsapato zawo zokha mmawa, tsopano panali nsapato zazikulu za mwamuna, zikadali zonyowa.

M'chipinda, piyano inali yotsegulidwanso. Woimirira pamenepo, sipanala m'manja, anali Ernis, bambo wa ana atatu tsopano, amene a Toktosun anamuphunzitsa ntchitoyi ndi manja awo. Ndipo dzanja lake linkapita kumanzere. Wakhungu yemwe akanaona: sankakunga, ankakhwefula.

"Ukutani pa piyano yanga?"

Ernis anatembenuka, nkhope yonse psuu. Anaika dzanja pachifuwa. "Agai. Mwadzuka bwanji, agai? Kunyumba ali bwanji?"

"Zakunyumba zisiye. Ndati ukutani?"

"Ndimangodutsa, ndiye mayi anati ndione kiyi ina ikukakamira."

"Kiyi yokakamira amaikonza ndi sipanala pachikhomo? Ndinakuphunzitsa ine zimenezo? Iwe, usandiyese mwana. Ndinakupeza usakudziwa kusiyanitsa nsambo ndi waya woyanikapo zovala!"

Mayi Kalicha anatulukira kukhitchini akupukuta manja owuma kale. "Agai, khalani pansi, tiyi akadali wotentha."

"Sindinabwerere tiyi, Kalicha. Nenani."

Onse awiri anayang'ana kumbali. Ndi mmene tilili ife, ndipo zimandinyansa: munthu wa imvi sitimuuza kuti walakwa. Tidzamudyetsa, tidzamuveka mkanjo, tidzamukhazika pamalo aulemu kutali ndi chitseko, koma choonadi ayi, chimenecho timati ndi mwano. Timuone akulowera kudzenje, ife tili, "Pondani bwino, atate."

Potsiriza Ernis analankhula, maso ali pa masokosi ake. "Mbali ya kumanja mumakunga mopitirira, agai. Kwambiri. Pakati ndi kumanzere palibe angakuposeni, ndikulumbira, sindikhudzako n'komwe. Koma kuno nsambo zimafika poti zikhoza kuduka. Ndimangobweza pang'ono."

"Umangobweza. Kuyambira liti?"

"Papita nthawi."

"Muno mokha?"

Ernis anapukusa mutu kukana.

"Kusukulu ya nyimbo? Kwa dokotala uja wa kumsika wa Osh? Kutchalitchi kwa a Chirasha?"

Ernis ankangogwedeza mutu kuvomera pa dzina lililonse, pang'onopang'ono. Apa a Toktosun anazindikira. Mzinda wonse! Matebulo onse aja, tiyi yense uja, "manja anu ndi golide," ndipo iwo akangokhota pakona wina n'kumalowa kudzachotsa zimene achita, monga mayi amachapiranso mbale zimene watsuka mwana.

"Nanga umadziwa bwanji kumene ndapita? Umanditsatira ngati wapolisi?"

"Akazi anu, mayi Burul, amandiimbira mmawa."

Pamenepo a Toktosun anakhala pansi osauzidwa. Mayi Kalicha anali akulira mwakachetechete. "Tinkakukondani, agai. Tikanatani? Tikuuzeni kumaso? Pakamwa pake pa ndani?"

"Mukanandimenya mbama bwenzi zili bwino," anatero a Toktosun. Kenaka ukali unabweranso, poti munthu safa osaphupha. Anaimirira, n'kupita pawindo, n'kufulatira chipinda. "Bodza lonseli. Mwapangana kuti mundilande ntchito. Ernis, imba kiyi iliyonse ya kumanja uko, ndikuuza dzina lake ndisakuona. Imba!"

"Agai, chonde."

"Ndati imba!"

Panja ana ankaponyerana chipale chofewa. A Toktosun anatseka maso, anasiya ngakhale kupuma, anatchera khutu monga sanatcherepo chibadwire. Kumbuyo kwawo kunamveka go, go, go, ngati munthu akugogoda kabati.

"Leka kugogoda thabwa, chitsiru iwe. Imba kiyi."

Go, go, go.

Anatembenuka kuti amukalipire. Chala cha Ernis chinali pa kiyi yoyera, chikukwera ndi kutsika, ndipo mayi Kalicha anali atatsinzina diso limodzi chifukwa liwulo linkawalasa m'khutu.

A Toktosun anachoka pawindo. Anapita kukhitchini, anatunga madzi m'jagi, anagwada movutikira, n'kudzaza mabotolo aja limodzilimodzi, poti ndicho anabwerera. Ernis anafuna kuwadzutsa, iwo anakankha dzanja lake. Pakhomo mayi Kalicha anawatambasulira mbale ya buledi, pakuti kwathu kuno munthu satuluka m'nyumba osalawa buledi ngakhale atakwiya chotani. Ananyema kachidutswa, anatafuna, n'kutuluka.

Sanakwere basi. Anayenda wapansi njira yonse, kudutsa nyumba zimene ankazidziwa ndi piyano zake: apa yakuda ya mwendo wothyoka, apo yofiirira imene mbewa zinadyamo nsalu. Zenera lililonse linkawachititsa manyazi. Anayesa kukwiyira Ernis, zinakanika, mwanayo ankagwira ntchito yachiwiri mwakabisira kuti nkhalamba isagwe nkhope. Anayesa kukwiyira a Burul. Zimenezo zinatheka pang'ono, mpaka anakumbukira mmene mayiwo amawakonzera kolala mmawa uliwonse, n'kuwafunsa mokweza, mawu amodziamodzi, kuti lero mukupita kwa yani.

Atafika kunyumba anapeza akazi awo akusenda mbatata. A Burul anayang'ana nkhope ya amuna awo, n'kuyang'ana chikwama, mpeni unaima.

"Mwachedwatu, akuluakulu. Zayenda?"

"Zayenda."

A Toktosun anavula nsapato. Chikwama chija, chimene malo ake anali pakhomo pomwepo kuti mmawa achinyamule msanga, anachikweza pamwamba pa kabati, pamene pamakhala masutikesi.

"Lolemba ndi kusukulu ya nyimbo," anatero. "Umuimbire Ernis monga umachitira, nkhalamba yanga. Koma umuuze apite mmawa. Asamadikirenso panja pozizira kuti ine ndiyambe ndatuluka."

A Burul anaika mpeni pansi, anatembenukira kusinki, mapewa akugwedezeka. A Toktosun anadikira, akuyang'ana msana wa mkazi amene anakhala naye moyo wonse. Ngati anayankha, iwo sanamve.